Jasimini wa Pakhomo pa NyaZimba

Ndikawaganizira agogo anga aamuna, fungo limene limandibwerera si la fodya ayi, ngakhale fodyayo anamulima mpaka msana kupindika. Ndimamva jasimini dzuwa likangolowa, ng'ombe zikuchokera kudambo zikuutsa fumbi, utsi wa m'makhitchini utayala pansi pa mitengo ya mango, nkhuku zikukanganirana nthambi, ndiye timaluwa toyera tija pakhomo n'kutseguka, fungo lake n'kudzaza bwalo lonse mpaka kukafika panjira yopita ku Mphamba. Munthu wodutsa ankaima kaye n'kununkhiza, kenako n'kupukusa mutu, chifukwa m'mudzi mwathu monse munalibe mwamuna wina wobzala maluwa.

Tinkawaitana kuti Asekulu, monga timachitira kwathu. Dzina lawo anali a Mtonga, munthu wamtali, wouma thupi, wosaseka wamba, woumira mawu ngati amachita kugula. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ya m'dimba la maluwa kwa Mmwenye wina wasitolo ku Boma, koma za kumeneko sankazikamba. Chaka chimene maso a agogo aakazi, a NyaZimba, anayamba kuchita chifunga, Asekulu anapalasa njinga kupita ku Boma n'kubwerako ndi kanthambi kokulunga m'chisanza chonyowa. Anakabzala pafupi ndi chitseko, n'kukatchingira ndi minga kuopa mbuzi. Pakhomo la khitchini anabzala udzu wa tiyi, uja umanunkhira ndimu ukaukhudza ndi chitenje, ndipo m'mbali mwa kanjira kopita kuchimbudzi anandandalika mpungabwi.

Anthu anayankhula, nanga akanaleka bwanji? Kwathu maluwa ndi a kumanda. Amayi amathyola maluwa tsiku la maliro n'kuluka nkhata, basi, ntchito yake yathera pomwepo. Ena ankati maluwa onunkhira madzulo amaitana njoka. Azibambo anzawo a pabawo ndiye ankangowaseka poyera.

"A Mtonga, maluwa awa mudyela chiyani, mchele kapena nsinjilo?"

"Nyumba inunkha fodya," Asekulu ankayankha choncho, n'kupitiriza kusuntha njere zawo.

Chilimwe chikafika, nthaka itang'ambika, Asekulu ankanyamula chidebe kupita kuchitsime okha, n'kubwerako atasenza pamutu ngati mtsikana, madzi akutsikira m'khosi. Amayi kuchitsime ankabisa pakamwa ndi chitenje. Mtsikana wina wa kusukulu kwathu anati agogo anga anadyetsedwa mankhwala, ine n'kumugwetsera mumchenga, ndipo mpaka lero sindinamupepese.

Tsiku lina ndikuwathandiza kuthirira, anandiuza mosayang'ana kumene ndinali kuti mkazi wa Mmwenye uja ankaluka timaluwa timeneti n'kuvala m'tsitsi, ndipo ankati amavala ndi mkazi amene mwamuna wake ali moyo. "Ise maluwa tipatsa akufa, anzathu apatsa amoyo," anatero, n'kundikalipira kuti ndikuthira madzi ambiri.

Agogo aakazi anali munthu wina ndithu. Anali wamfupi, wapakamwa, woseka mpaka mudzi wa tsidya kumva. Maso atatsekeratu, chimene ankadana nacho kwambiri chinali kugwiridwa dzanja. Ukangoyesa, ankakumenya kambama padzanja pomwepo n'kunena kuti iwo si mbuzi yokokedwa pachingwe. Ankatong'ola chimanga, kuswa mtedza, kuzira pakhonde, ndipo masana ankapita kukacheza kwa anzawo kuseri kwa chigafa cha fodya, n'kubwerera okha chisisira, mphuno ili m'mwamba, akuimba nyimbo za kutchalitchi mosalabadira kuti mawu akulondola kapena ayi.

Kenako tsiku lina anapunthwa pa mtondo umene wina anausiya pakati pa bwalo, n'kusupuka bondo. Nkhani inafika kwa mwana wawo wamkazi, azakhali anga a Tamala, amene ife tinkawaitana kuti Ankhazi. Iwowa ankachita malonda a zitenje pakati pa Kasungu ndi Lundazi, ndipo ku Boma anali ndi nyumba ya magetsi, chimbudzi chili m'kati. Anabwera pa galimoto yahayala, atanyamula chikwama chopanda kanthu choti alongedzemo zovala za amayi awo.

"Monile, Adada. Monile, Amama," anapereka moni atagwada, koma atangodzuka anayamba. "Nabwela kutenga amama. Lelo ni bondo, mailo ni chimbudzi. Nisafuna kumvela pa foni kuti amama agwela m'dzenje."

Ankhazi sanali munthu woipa, ndinene zoona. Ankalankhula misozi ili m'maso. Koma tonse tinkadziwa kuti agogo akapita ku Boma akakhazikidwa pampando, kudikira wowapatsa madzi ndi wowaperekeza kuchimbudzi, m'nyumba imene sakudziwa kuti chitseko chili mbali iti. Asekulu anakhala pachitsa chawo, akupotokola chipewa m'manja. Ine ndinawakwiyira kwambiri tsiku limenelo, mumtima ndikuti munthu wamkulu chonchi akulephera kutsegula pakamwa mkazi wake akutengedwa.

Zokambirana zinatenga masana onse. Dzuwa litapendeka, jasimini anayamba kununkhira, ndipo Ankhazi anatembenukira komweko.

"Onani, munthu saona, imwe mwamuikila thengo pakhomo. Njoka zikhala mwamene umu!"

Anatola chikwanje chimene chinali pakhonde n'kudula nthambi imodzi. Agogo anali pamphasa, kutali, pansi pa mango. Atamva kulira kwa chikwanje anadzuka, ndodo yawo n'kuisiya pansi. Anadutsa pakhomo la khitchini, chitenje chikukhudza udzu wa tiyi, n'kukhota pomwepo osagwira khoma, n'kulunjika pakhomo la nyumba bondo lomanga nsanza lija likutsimphina. Anafika n'kugwira mkono wa mwana wawo chikwanje chili m'mwamba.

"Iwe Tamala, ika pansi. Udula maso anga."

"Amama, ni maluwa chabe."

"Chabe? Nikamva ndimu, niziwa nili pa khichini. Nikamva mpungabwi, niziwa njila ya kuchimbuzi. Nikachoka kwa anzanga, uyu aniitana kuti nyumba yako ili kuno. Ku Boma kwako kununkha chiyani, petulo?" Kenako anatembenuzira nkhope kumene kunali chitsa chija. "A Mtonga, muganiza sininaziwe? Ati nyumba inunkha fodya! Fodya nakhala naye kuyambila tsiku munanitenga kwathu, munayamba liti kumumva?"

Asekulu anavala chipewa, n'kuchivulanso. Munthu amene ankaopedwa ndi anyamata a m'mudzi wonse anachita manyazi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Pomaliza anati, "Tamala, mtondo uja n'nausiya ndine. Siuzakhalanso pa bwalo."

Mawu awo onse tsiku limenelo anali omwewo. Ankhazi anakhala pansi pakhonde n'kulira mokweza, agogo akuwasisita kumsana n'kumawanena kuti anali wamakani kuyambira ali kubere. Galimoto inabwerera ndi chikwama chopanda kanthu, kupatula mtedza ndi nkhuku imene agogo anaumiriza. Kuyambira pamenepo Asekulu ankayendera bwalo m'mawa uliwonse, kuchotsa khasu, mpando, chitini, chilichonse chimene mwana wasiya panjira, ndipo tsoka kwa iwe ukaiwala mbale pansi.

Agogo aakazi anakhala pakhomo pawo zaka zambiri pambuyo pake, ndipo anamwalirira m'nyumba yawo, pamphasa yawo. Mpaka sabata yawo yomaliza palibe anawagwira dzanja kuwaperekeza kulikonse. Ndikaganiza za anthu awiri amenewa mtima wanga umadzaza, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndimanyada nawo kuposa wina aliyense amene ndamudziwa.

Tsopano ine ndine mayi wa imvi, ndinapuma ntchito yauphunzitsi. Chaka chatha adokotala ku Chipata anandiyeza n'kundiuza kuti matenda a maso a agogo ali m'magazi, ndipo kwa ine ayamba kale. Diso lakumanzere likuona chifunga m'mbali. Ndinayembekezera kuti ndichita mantha, koma m'basi pobwerera ndinapezeka ndikuwerenga m'mutu makhomo a panyumba panga, ndi chimene chingamere pa lililonse. Ana anga ayamba kale kunong'onezana pa foni za chipinda chimene andikonzera ku Lusaka. Anong'onezane. Ine ndine mdzukulu wa NyaZimba, ndipo pakhomo panga sindichoka.