Thumba la Yuriya ndi Mwezi Wouma

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili Folomu 2 pasekondale yoyendera kwathu ku Chisemphere, pamene aphunzitsi athu a sayansi, a Kamanga, anandibwereka telesikopu kuti ndikhale nayo patchuthi cha Khirisimasi. Inali yakale, yooneka ngati paipi ya madzi, ndipo mwendo wake umodzi unali womangidwa ndi mphira. Ndinaikulunga m'chitenje n'kuifukata mpaka kunyumba, mtima uli m'mwamba poganiza kuti ndiona nyenyezi zonse za m'buku lathu.

Zinali zaka za makuponi. Kuponi yathu inatipatsa matumba awiri a feteleza. Loyamba tinathira chimanga chitangomera, ndipo lachiwiri, la yuriya, linali kuchipinda kwa abambo, litasanjikidwa pa njerwa. Kenako mvula inadula. Chimanga chofika m'mawondo chinayamba kupota masamba, fodya amene tinawokera anafota m'mizere. Abambo anali pakati pa zinthu ziwiri zowawa. Akathira yuriya pouma, fetelezayo apita ndi dzuwa. Akadikira kwambiri, chimanga chisanduka chachikasu n'kupinimbira. Thumba lina loti n'kubwereza nalo panalibe.

Mitambo inkatipusitsa tonse. Masana kunkayera mbee, koma madzulo ndikangoimika telesikopu kuseri kwa chigafa chathu cha fodya, inkatulukira cha kunkhalango ya nyama n'kuphimba thambo lonse. Kunkang'anima, kamphepo konunkha dothi lonyowa n'kuwomba, koma dontho ayi. Ine ndinkabwerera m'nyumba osaona nyenyezi, abambo n'kulowa osaona mvula.

Tsiku lina dzuwa litangolowa kunakhala koyera. Mwezi unali theka. Ndinaupeza m'galasimo. Unali ndi mapiri, ndi maenje ozungulira okhala ndi mithunzi m'kati, ngati nthaka yoti munthu angaipondepo. Ndili chiweramire choncho, ndinamva mapazi. Anali abambo pamodzi ndi amalume a Yohane, achimwene awo a amayi.

"Mfuti ija ndi imeneyi?" anatero amalume. "Tawombera mtambo umodzi, mwanawe, ukagwere m'munda mwanga."

Ndinaseka, koma abambo sanaseke. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa monga ankachitira polowa m'tchalitchi.

"Feliya, mayi, akuti chinthuchi chimaona kutali," anayankhula motsitsa. "Tayang'ana cha ku Zambia uko. Ngati mvula ili m'njira undiuze, mawa ndikathire."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti sakucheza. Chiyambire sukulu yanga anali asanandifunsepo kanthu kochokera m'mabuku. Ankangogulitsa fodya, kulipira fizi, n'kukhala chete. Tsopano anali ataima pamaso panga, akudikira kuti sukuluyo iwayankhe. Ndinalakalaka kunena kuti inde, ikubwera. Ndinatembenuza telesikopu kuloza kumadzulo, ngakhale ndinkadziwa kuti n'zosathandiza. Ndinangoona mdima ndi nthambi ya mtengo yosaoneka bwino.

"Abambo, sichiona mvula," ndinatero. "Chimangoona mwezi ndi nyenyezi. Za mvula sindikudziwa."

Amalume anawomba m'manja kamodzi. "Alamu, mwamva? Fizi yonse ija, yankho lake n'kukhala sindikudziwa! Bola akanamakusokerani fodya mwanayu."

Abambo anandifunsa ngati a Kamanga akanadziwa, ine ndinati ngakhale iwowo sangadziwe ndi chinthu chimenechi. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako anati, "Ndionereko."

Anawerama, n'kutseka diso limodzi ndi chikhatho chawo chong'aluka ndi khasu. Anakhala nthawi yaitali osasuntha.

"Maenje onsewa anakumba ndani?"

"Ndi miyala yogwa kuchokera m'mlengalenga."

"Nanga mvula imagwako?"

"Ayi. Kulibe ngakhale mtambo."

Anaweramuka, n'kuvala chipewa. "Ndiye ife tikadali bwino," anatero, n'kulowera kunyumba. Posapita nthawi mitambo ija inabweranso n'kuumeza mwezi.

M'mawa mwake anandidzutsa kusanache bwino. Anali atapungula theka la yuriya m'ndowa, theka linalo atalimanga ndi luzi n'kulibwezera pa njerwa. Tinapita kumunsi kwa munda, kufupi ndi dambo, kumene nthaka inali idakali ndi kachinyezi. Iwo ankaboola ndi kamtengo pambali pa phando lililonse, ine n'kuthira ndi chitsekerero cha botolo, n'kukwirira ndi chidendene. Tinagwira mpaka dzuwa litakwera, osayankhulana za dzulo lake.

Mvula inabwera sukulu titatsegulira kale, telesikopu nditaibweza. Theka lotsala lija anathira kumtunda, mochedwa, ndipo chimanga cha kumeneko sichinachite bwino. Cha kudambo ndicho chinatidyetsa. Nkhokwe sinadzaze, komabe chakudya chinatifikitsa m'dzinja lotsatira, pamene makomo ena anali atayamba kale maganyu.

Kwa zaka zambiri ndinkakumbukira madzulo amenewo ndi manyazi, poganiza kuti ndinawagwiritsa mwala abambo pamaso pa mlamu wawo. Iwo anamwalira tisanakambiranepo za nkhaniyi. Ndakula tsopano, ndipo ndaona anthu ophunzira akuyankha molimba mtima zinthu zimene sakuzidziwa, wosauka n'kutaya zake zonse chifukwa chowakhulupirira. Ndikanati mvula ikubwera, abambo akanathira thumba lonse tsiku limenelo, pakuti mawu a mwana wawo wa kusekondale sakanawakayikira. Ndinawauza kuti sindikudziwa, ndipo iwo anawatenga mawu amenewo n'kukalima nawo.