Botolo la Ana Khumi

Amene mumayenda pa msewu wa kunyanja muyenera kuti munamuonapo Rozina, ngakhale dzina simulidziwa. Ndi mayi uja wa matimati pa Golomoti, amene amafika pa windo minibasi isanaime n'komwe, mutu ataupendeketsa ngati nkhuku yoona kabawi. Si mwano ayi. Diso lake lamanzere n'loyera, linafa ndi chikuku iye ali ndi zaka zinayi, ndipo sabisa. Ukaliyang'anitsitsa amakuuza yekha kuti chikuku chinamusiyira limodzi loti aziyang'anira matimati.

Mwana wake wotsiriza, Luka, anabadwa chaka chomwe korona inalowa. Katemera woyamba analandira bwinobwino, koma itakwana nthawi ya wa chikuku, sikelo ya ana m'dera lawo inali itayamba kudumpha miyezi. Pomwe inkayambiranso, mphekesera zinali zitakhazikika kale pa mjigo: jakisoni aliyense amusakaniza ndi wa korona, wobayidwa sadzabereka. Mwamuna wake Bizeki, msodzi wokhala kunyanja kuposa pakhomo, anangonena kamodzi kuti wake asabayidwe. Rozina anamvera, ndipo mpaka lero akakumbukira amadzitukwana yekha. Munthu woyenda ndi umboni pankhope, n'kumvera za pa mjigo.

Luka ali ndi zaka zitatu, kunamveka kuti cha ku Mtakataka ana atuluka tizilonda, maso ali psu. Sabata yomweyo wailesi inalengeza kuti ana onse amene anaphonya katemera apite nawo, ngakhale akula. Bizeki anali kunyanja, ndipo Rozina sanadikire kuti akamufunse.

Sikelo imachitika kamodzi pamwezi, m'khonde la tchalitchi china, ulendo wa maola awiri wapansi. Woiyendetsa ndi a Zakariya, mlangizi wa zaumoyo wa imvi zake, amene amabwera pa njinga atamangirira bokosi loziziritsa katemera. Anatsegula buku la Luka, n'kupukusa mutu.

"Amake Luka, munali kuti zaka zonsezi?"

"Ndinali kopusa, adokotala. Ndabwerako. Mubayeni."

A Zakariya anatulutsa kabotolo kochepa ngati chala chachikulu, n'kufotokoza modekha. Muli katemera wa ana khumi. Akangokasungunula kamakhala maola asanu ndi limodzi basi, wotsala n'kutaya. Tsiku limenelo wofuna wa chikuku anali Luka yekha. Abwere mwezi wamawa, mwina adzachuluka.

Mwezi wotsatira anapezeka ana atatu, ndipo kabotolo kanabwerera m'bokosi. Mwezi wachitatu analipo awiri. Rozina anabwerera kunyumba mapazi akuwotcha ndi mchenga, mwana wolemera ngati thumba la chimanga ali kumbuyo, matimati ataphwanyikira m'beseni chifukwa chojomba kumsika. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti a Zakariya sankakalipa. Munthu wokalipa umabwezera, nanga wokukaniza akumwetulira umutani? M'mawa uliwonse ankatsegula zikope za Luka ndi zala kuti aone ngati zafiira, mpaka mwanayo anayamba kumuthawa.

Ndiye anaganiza kuti ngati vuto ndi ana khumi, awapeza yekha. Madzulo akaweruka ankalowa khomo ndi khomo kufunsa mabuku a sikelo ngati wolembedwa ntchito ndi boma. Ena ankamuyankha ali chagada pa mkeka. Ena amati akafunse abambo, abambowo ali kunyanja mwezi wonse. Wina anamufunsa kuti amulonjeza chiyani azungu. Rozina sankadziwa kulalika. Ankangogwada pafupi, n'kutambasula chikope chamanzere ndi chala.

"Yang'anani bwino, achemwali. Ichi si korona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Patatha masabata atatu anali ndi amayi asanu ndi anayi ovomera, ena ovomera chabe kuti awachokere pakhomo. Kuphatikiza Luka, khumi ndendende.

Tsiku la sikelo anawatsogolera ngati wopititsa mbuzi ku dibi. Atafika pa tchalitchi anawerenga, n'kupeza kuti mmodzi wasowa. Anali Katerina, mtsikana wa mwana woyamba, amene anapatuka panjira ati kukadzithandiza. Rozina anauza a Zakariya kuti ayambe, iye n'kubwerera chothamanga Luka ali kumbuyo. Anamupeza ali panjira yobwerera kumudzi, akulira kuti apongozi ake amuthamangitsa akamva. Anamunyengerera, anamukalipira, pomaliza anangomugwira chitenje n'kumukoka.

Anapeza ana akulira, amayi akuseka, mantha atatha. Rozina anamukankhira Katerina kutsogolo, chitenje chili m'manja kuopa kuti angathawenso. Mwana wa Katerina anabayidwa. Kenako Rozina anatsitsa Luka, n'kumupinda malaya pamkono.

A Zakariya anakweza kabotolo kuloza kudzuwa, n'kukapendeketsa. Munalibe kanthu. Pamene Rozina anali kunjira, panabwera mayi wina wa kudooko, wosaitanidwa ndi munthu, n'kulowa pamzere ndi mwana wake.

"Pepani amake Luka," anatero a Zakariya, maso ali pa buku. "Mwezi wamawa…"

Rozina sanakuwe. Anayenda pang'onopang'ono n'kukakhala pa bokosi la katemera lija, Luka pamiyendo.

"Adokotala, ana khumi munafuna ndakubweretserani. Njinga yanu ipite, koma bokosili lichoka pano ndi ine."

Amayi aja, amene anali atayamba kale kubereka ana, anakhalanso pansi mmodzimmodzi. A Zakariya anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Kenako anapempha Rozina kuti asunthe, natulutsa kabotolo kena, kusungunula, kubaya. Zonsezo zinatha msanga kuposa kumanga chitenje. Luka analira pang'ono n'kuyamba kuyang'ana belu la njinga.

"Ndiye kamatseguka ndi mwana mmodzi," anatero Rozina.

A Zakariya anausa moyo. "Anatiuza kale kuti tizitsegula ngakhale wabwera mmodzi. Koma ine zaka makumi awiri ndakhala ndikudzudzulidwa ndikataya katemera, mayi. Dzanja linazolowera kuumira."

Rozina anawayang'ana ndi diso lake limodzi kwa nthawi yaitali. Miyezi itatu ya mchenga, masabata atatu otukwanidwa m'makomo, chikuku chili khomo lachiwiri, zonsezo chifukwa cha dzanja lozolowera. Mawu oti zikomo anakana kutuluka, ndipo sanawakakamize.

"Mwatsala wa angati m'menemo?"

"Asanu ndi anayi."

Rozina anayang'ana dzuwa, linali lisanafike paliwombo. Anafunsa mayi wa kudooko uja ngati kwawoko kuli ana ena osabayidwa, ndipo mayiyo anati ndi ambiri, sawerengeka. Rozina anabereka Luka, n'kumanga chitenje molimba.

"Musataye," anatero osatembenuka. "Ndipo musakwere njinga. Ndikubwera nawo."