Khadi Imene Ndinagula pa Sitika

Pa msika wa Rumphi Boma amandidziwa pa nkhani yonenerera mitengo. Ndikangoima pa benchi ya tomato, amayi amayamba kudandaula ndisanatsegule pakamwa. Ndiye tsiku limene ndinagula laputopu ku Mzuzu, kwa mkulu wina wa kasitolo ka katundu wakunja, ndinabwerera m'minibasi nditaikumbatira ngati khanda, ndikuuza aliyense kuti mwini sitolo ndamusiya akupukuta misozi. Pakona pa laputopuyo panali sitika yonena kuti mkati muli girafiki khadi, kachipangizo kamene kamapatsa makina mphamvu yokoka vidiyo. Ine ndimajambula maukwati, ndiye chimene ndinkafuna n'chomwecho. Mkuluyo anandionetsanso dzina la khadiyo pa sikirini, mu Windows. Ndinaliwerenga ndi maso angawa.

Sabata imeneyo ndinali ndi vidiyo ya ukwati wa ku Hewe. Mkwati amagwira ntchito ku Joni ndipo ankanyamuka Lolemba. Ankafuna kupita nayo yodulidwa bwino, yanyimbo ndi timaluwa, akadzitamire kwa anzake.

Alamu anga, amene boma linawatumiza kuno kuchokera ku Zomba pa zaulimi, ndiwo anandiikira Linux pambali pa Windows, akuti kumeneko kuli pulogalamu yaulere yodulira vidiyo. Ukayatsa, makina amafunsa khomo limene ukufuna kulowera. Tinalowa la Linux n'kutsegula vidiyo ya ukwati ija. Mkwatibwi anakweza phazi kuti avine, n'kuuma pomwepo, phazi lili m'mwamba.

"Khadi yanu kuno sikuoneka," anatero alamu.

"Sikuoneka bwanji? Tabwererani kwinako."

Ku Windows dzina lilipo, lonenepa bwino. Ku Linux kuli zii.

"Ndi Linux yanuyi, alamu. Zaulere zimatero."

"Lero zaulere mukuzinyoza inuyo? Dziko latha."

Loweruka lonse linathera pamenepo. Anakoka madiraiva, timapulogalamu todzutsa khadiyo, ndi bandulo ya foni yanga mpaka bandulo inatha. Analowa mu BIOS, tsamba lija limabwera makina asanadzuke, kuti aone ngati wina anaizimitsa khadiyo. Munalibe ngakhale mzere woitchula. Magetsi atathima ndinati mwina khadi imakana batire, imafuna moto wa pakhoma. Magetsi anabwera, osasintha kanthu. Kenako alamu anaika vidiyo ija ku Windows komwe kuli dzinako, ndipo mkwatibwi anaumanso, ulendo uno pakamwa pali yasa.

Alamu anazimitsa laputopu ija n'kuitembenuza.

"Bweretsani sikuludiraiva."

"Mukufuna muing'ambe? Ndiyatsopanotu iyi!"

"Yatsopano kwa inu."

Anachotsa chivundikiro chapansi n'kundilozera malo ena pa bolodi, a ngodya zinayi, odzaza timadontho tasiliva, oyera ngati mbale yotsuka.

"Khadi yanu imayenera kukhala apa."

"Yagwa?" Ndipo ndinawerama ndithu kuyang'ana pansi pa tebulo.

"Siinagwe, alamu. Chibadwire cha makinawa siinakhalepo."

"Nanga dzina lija?"

"Dzina munthu wochenjera amalilemba yekha ku Windows. Linux yafunsa zitsulo zenizenizo, zitsulo zayankha."

Ndinakhala pa simenti, ndikuyang'ana malo opanda kanthu aja ngati mwina pamera china. Ine! Ine amene ndinayatsa makinawo kawiri m'sitolo, kugogoda batire, kununkhiza ngakhale chaja!

"Ndiye mkulu uja ankaliriranji?" ndinafunsa.

"Kuseka kumatulutsanso misozi, alamu."

Lamulungu ndinayesabe, koma makinawo ankatentha ngati mbaula, vidiyo osasuntha. Lolemba m'mawa ndinapita ku depoti ndi memore yokhala ndi zonse monga ndinazijambulira, zosadula. Ndinamupeza mkwati ali ndi mayi ake, mphunzitsi wopuma, mayi a mvano osakonda mawu ambiri. Ndinafotokoza mmene zilili. Mkwati anaika memoreyo m'foni. Munayamba kuoneka mitambo, kenako nsapato zanga zikuyenda pa fumbi la ku Hewe, ndi phuma langa pamwamba.

"Ukwati wanga ndi umenewu?"

"Uli kutsogolo, bwana, ingokankhani."

Anakankha. Munatuluka msana wa abusa.

Kondakitala anali akumenya chitseko, akukuwa za Mzuzu. Mkwati anaponya foni m'thumba n'kukwera osandiyang'ananso. Mayi aja anadikira mpaka minibasi itakhota, ndiye anatembenuka mwaulemu wonse.

"Yewo, dada. Mwezi wamawa akukwatira mng'ono wake, paja tinakuuzani. Musavutike kubwera, tipeza wina."