Papaya Wamwamuna Amene Ndinati Wagwa ndi Mphepo

Ananu, lero ndiulule: papaya wamwamuna uja sanagwe ndi mphepo ayi.

Chinali chaka cha chilala, chija tinkadya chimanga chachikasu. Kuseri kwa nyumba yathu ku Nkomeshya mapapaya aakazi ankabereka mpaka kuwerama, ndipo ndiwo ankatonthoza ana masana. Wamwamunayo ankangolendewetsa timaluwa, ataima ngati bwana. Ndinamumangirira chitsononkho, monga timachitira, kuti achite manyazi abereke. Ngakhale chitenje chakale ndinamuveka. Iye phee!

Agogo anu aamuna ankati, “Musiyeni, amake Tisa, ali pa nchito.”

“Nchito yabwanji? Yamene mugwira imwe pansi pa mango?”

Tsiku lina agogo anuwo atapita ku boma ku Chongwe, ndinamugwetsa. Atabwera ndinawauza kuti kunawomba chimphepo. Anasisita chitsacho, chosalala bwinobwino, nati, “Mphepo za masiku ano ziyenda na nkhwangwa.”

Posakhalitsa aakazi aja anayamba kuyoyola maluwa, osagwira chipatso n’chimodzi chomwe. Ana akulira njala, ine ndikudziwa bwino chimene ndachita. Koma mukuganiza ndinavomera? Ndinalengeza pachitsime kuti amake Jelita, a kutsidya kwa dambo, andilodzera mitengo chifukwa cha nsanje.

Mayi aja anangoyamba kunditumizira mapapaya a kwawo m’dengu, akuti ana adyeko.

Mpaka lero sindinawapepese. Mapapayawo ndinkadya nawo ndithu, uku ndikuuza anthu kuti satsekemera.