Masiku Asanu Amene Ndinatseka Pakamwa

Linali tsiku la mwera, m'mwezi wa Juni, chifunga chitatsika m'mapiri mpaka kuphimba minda ya kachewere. Ndimakumbukira malata akulira ndi mphepo, chigayo cha kutsidya chikugunda, ndi kupuma kwa akazi anga pakhonde, kumene kunkamveka ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Zimene ndikulembazi ndi zoona, ndipo sinditchula dzina la munthu. Pa msinkhu wanga uno, ine woyembekeza kukaonekera pamaso pa Mulungu, ndinamirenji?

Akazi anga anawapeza ndi khansa ya m'mapapo, munthu woti fodya sanamulaweko chibadwire. Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Joni anakonza zoti azikalandira mankhwala atsopano pa chipatala china cha mumzinda, a diripi, pakatha milungu itatu iliyonse. Dokotala anatifotokozera kuti mankhwalawo amadzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane ndi chotupa, koma nthawi zina asilikaliwo amapitirira muyeso n'kuyamba kutupitsa mapapo abwinobwino. Anandiyang'ana ine, osati wodwalayo, n'kunena kuti akangoyamba chifuwa chachilendo kapena phuma tibwere tsiku lomwelo. Anandipatsanso kakhadi kolembedwa zomwezo, ine n'kukaika m'Baibulo.

Miyezi inayi zinayenda bwino, mpaka anabwerera kukwaya ya amayi. Kenaka kunabwera kachifuwa kouma, ndipo mawa lake analephera kufika kumjigo, ulendo woti ankauyenda akucheza.

Inu anzanga a kuno ku Ntcheu mukudziwa mmene timakhalira. Ine ndinali mkamwini, zaka makumi atatu ndi mphambu ndili pamudzi pa akazi anga, ndipo matenda akakula mawu omaliza amakhala a mwinimbumba. Ndinatumiza uthenga kwa alamu anga, achimwene awo aakulu a wodwalayo. Anabwera, anamvetsera kupumako, n'kundiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati iwo adwazikapo matenda ambiri, khansa ikafika apa yafika, ndipo mlongo wawo sakafera pa bedi lachitsulo pakati pa alendo pamene abale ake alipo. Ndinawauza za kakhadi kaja. Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe, n'kundifunsa ngati pepala linabwezapo mzimu wa munthu. Anawonjezera kuti mwana wa ku Joni tisamuuze msanga, angasiye ntchito pachabe.

Ndinayankha chiyani? Ndinati ndamva, alamu. Ndine munthu wosakonda kukangana, ndipo moyo wanga wonse anthu akhala akundiyamikira chifukwa cha khalidwe limenelo.

Abale anayamba kusonkhana monga timachitira munthu akatsala pang'ono. Anayala mphasa, amayi a mpingo akubwera masana kudzaimba nyimbo zotsanzikana, wina atagula makapisozi ku Lizulu, wina akuwiritsa masamba a bulugamu. Onsewa ankawakonda, musaganize zina. Wodwalayo, pakati pa kutsokomola, anawanyogodola azing'ono awo kuti akuimba molakwika ndipo ngati ndi mmene adzaimbire pamaliro kuli bwino asafe. Anthu anaseka. Madzulo a tsiku lachitatu anandikoka malaya n'kundinong'oneza kuti bambo, kodi adokotala aja sanati tibwerere? Ndinawauza kuti tidikire achimwene awo aone mmene kuchere. Mawu amenewo ndimawamvabe m'makutu mwanga.

Tsiku lachisanu ndi lija la mwera. Cha m'ma teni koloko abale anawafunditsa bulangeti pamwamba pa mphika wa nthunzi ya bulugamu, ati chifuwa chimasuke. Ndinaona bulangetilo likugwedezeka, kenaka dzanja linatuluka likupalasa dothi. Nditalivundukula ndinapeza maso ali tong'o, milomo yada bii, kukamwa kuli yasa koma mpweya osalowa. Ndaonapo anthu akumwalira mwamtendere, ndawapemphererapo ambiri, koma uku sikunali kumwalira kotero. Uyu anali munthu womira m'madzi pamtunda pouma, akundiyang'ana ine.

Sindinapemphe chilolezo kwa aliyense. Ndinathamangira kumsewu, ndinaimitsa galimoto ya bambo wina wachisilamu wa sitolo amene ankachokera kopikula kachewere, ndipo iye anatsitsa matumba ake pomwepo osafunsa zambiri. Kuchipatala chaching'ono anawaika mpweya, ndinaonetsa kakhadi, anaimba foni, ambulansi n'kutitengera mumzinda.

Dokotala uja atawajambula anandiitana. Anandionetsa chithunzi, mapapo onse ali mbuu ngati chifunga, kenaka analoza kadontho pakona n'kunena kuti chotupa chija ndi chimenecho, chinali chitaphwa kwambiri. Mankhwala ankagwira ntchito. Chimene chinkawatsamwitsa sichinali khansa koma kutupa kuja anatichenjeza, kumene kukapezeka msanga nthawi zambiri kumamva mankhwala oziziritsa asilikali a m'thupi. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti chifuwacho chinayamba liti, ndipo nditati masiku asanu apitawo, anayang'ana pansi. Anayesetsa sabata yathunthu, koma akazi anga anatisiya, pa bedi lachitsulo lomwe lija, ndili ine ndekha pambali pawo.

Mwana wathu sanawalankhule amalume ake zaka ziwiri. Ine ndinabwerera kwathu kumene ndinabadwira, ndipo tsiku lina ndikukumba kachewere ndinaona alamu aja ataima m'mphepete mwa munda, chipewa chili m'manja. Anati akhala akufuna kubwera koma miyendo inkakana. Sindinathe kuwaloza chala, pakuti iwo sanamve mawu a dokotala ndi makutu awo. Amene anamva ndinali ine.

Lero ndimakhulupirira kuti tsiku la munthu alidziwa ndi Mulungu, koma sindikhulupiriranso kuti kukhala chete kulikonse ndi ulemu. Ngati muli ndi wodwala amene akulandira mankhwala otere, akayamba chifuwa chachilendo kapena kubanika, musaitane msonkhano wa abale, musayale mphasa, mutengeni tsiku lomwelo, abalewo akakupezani konko. Kudzikhululukira ndekha ndikupemphererabe. Koma alamu anga ndi onse amene anakhala pa mphasa ija, ndinawakhululukira.