Gareta ya mzungu wa pa Boma

Anyamata, tsamiritsani njinga zanuzo, khalani apa mumve. Makasitomala adikira.

Ine ndakula ndikumva adada akunyadira kuti agogo awo ankayendetsa gareta ya mzungu wa pa Boma, azungu atangokhazikika kumene kuno ku Mzimba. Akalawa pang'ono nkhani ndi yomweyo: "Ife ndife mbumba ya dalaivala woyamba!" Chaka chino tikumanga chiliza cha malemuwo, ndipo adada akufuna pamwala palembedwe kuti "woyendetsa gareta". Zopeza chithunzi choti mmisiri ajambulepo anandipatsa ine, poti foni siichoka m'manja.

Ndinafufuza mpaka bando ya intaneti kutha. Akuti mawu oti gareta anachokera kwa Apwitikizi, kareta, kangolo kopepuka kokokedwa ndi hatchi. Chithunzi ndinachipeza: hatchi yonyezimira, munthu ali pamwamba ndi chikwapu. Ndinakondwa chomene, mbwenu ndinapalasa mpaka ku Manyamula kukaonetsa azakhali awo a adada, mwana wotsiriza wa malemuwo. Ndinawapeza akusoka fodya m'chigafa.

Anayang'ana foniyo n'kuseka moipa. "Iwe mwana, hatchi ku Mzimba anaiona ndani? Zinkafera m'njira ndi kashembe. Adada anga ankagwira mipini ya garetayo kutsogolo n'kumakoka, mnzawo akukankha kumbuyo, mzungu ali phee pampando ndi kaliwo wake. Zikweza za ku Luwawa zija, zidendene kung'ambika. Akayamba wefuwefu mzunguyo ankawauza kuti aziimba."

Ndinati, "Agogo, mwina munali wamng'ono."

"Wamng'ono? Ndawapaka mafuta a nsatsi m'mapewa mpaka tsiku lomwe anatsikira kuli chete. Lamba wokokera gareta anadya mnofu. Mngoni wathunthu, wogwira chishango, kukoka mwamuna mnzake chifukwa cha msonkho wa nyumba! Manyazi ndi amene ankawanenetsa kuti 'ndinkayendetsa'. Bambo akowo anangotola zowakomera."

Pobwerera ndinanyamula bwana wina wamimba yake pa kabaza. Chikweza chonse iye ali pa foni, n'kumandiuza, "Palasa, mphwanga, ndachedwa." Ndinapalasa, mapewa a malemu aja ali m'maganizo.

Tsono mmisiri akufuna mawu Loweruka. Adada agula kale mbuzi, aitana ndi abale a ku Kasungu. Ndikawauza zoona, ndawalanda chinthu chimodzi chokha chomwe amaimira nacho pakati pa amuna anzawo. Ndikakhala chete, mapewa aja tawakwiriranso kachiwiri, ulendo uno ndi simenti, mzungu uja n'kupulumuka.

Inuyo mukanakhala ine, mukanamuuza mmisiriyo kuti alembe chiyani?