Achule a Amayi Aang'ono

Lachisanu, 13 Disembala. Ndinali pakhonde kusankha nyemba zodzala pamene telefoni ya amayi inalira. Anali amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, akuimba kuchokera m'chipatala ku Beira kumene anagonekedwa mvula isanayambe. Amayi anakweza mawu a telefoni kuti nanenso ndimve. Mawu a odwalawo anali atachepa, ngati a munthu wolankhulira kuseri kwa chitseko. Za matenda sanafune kukamba. Anafunsa ngati mvula yagwa mokwanira, amayi n'kuyankha kuti yagwa, madzi ayamba kale kuima m'madambo. Ndiye anapempha chinthu chimodzi: kuti dzuwa likamalowa ine nditsikire kudambo kwathu ndi telefoni, ndiwaimbire, amveko achule awo.

Amayi anavomera msanga. Atadula telefoni anangoti maso pa nyemba za m'lichero langa.

Amayi aang'ono amaphunzitsa ku univesidade, ndipo ntchito yawo yeniyeni ndi kufufuza za achule. Kwathu kuno anthu ankaseka, ankawatcha dotolo wa achule, iwo n'kumavomera dzinalo mosangalala. Ndili wamng'ono ankabwera chaka ndi chaka mvula ikayamba. Ankatsika shapa, kaminibasi, ku Ulongwe ali ndi jombo zamphira m'chikwama ndi kamakina kojambulira mawu, ndipo madzulo alionse ankapita kukaima m'madzi kudambo kuseri kwa nyumba yathu, kumene iwo ndi amayi ankazula mlulu, udzu wautali wa m'madzi, ali atsikana. Sankafuna achule onse. Ankafuna kachule kamodzi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kobiriwira, kokhala pamwamba pa mlulu. Kulira kwake kumamveka ngati wina akugogoda timiyala tiwiri, kawiri mofulumira, kenako n'kupuma.

Anandifotokozera tsiku lina tikutsuka jombo zija. Anati tiachule timeneti tili ndi abale kumunsi kotentha, cha ku Tete, ofanana nato maonekedwe. Koma tinasiyana nawo kalekale, tathuti n'kukhala kuno kozizira mibadwo yosawerengeka, mpaka kalilidwe kanasintha. Akakaliza mawu a chule wamwamuna wakumunsi, tatikazi takuno sitinkacheuka n'komwe. Anati umu ndi mmene mtundu umodzi umasandukira mitundu iwiri, pang'onopang'ono, popanda wouona. Zimenezi anazilemba, zinasindikizidwa, ndipo ndi zomwe zinawapatsa dzina.

Ndikukumbukira tsiku limene anationetsa tsamba lawo pa kompyuta. Panali mndandanda wa zonse zimene analemba, ndipo pambali pa chilichonse panali nambala. Anati wofufuza wina kulikonse akamalemba zake n'kutsamira pa zimene iwe unapeza, amayenera kukutchula dzina, ndipo makina amawerenga kuti watchulidwa kangati. Akuluakulu a ntchito amayang'ana pamenepo pofuna kudziwa ngati ntchito yako ili ndi phindu. Zolemba zina zinali ndi manambala ochepa, zina zinalibiretu, ndipo iwo anaziloza n'kunena kuti ndi ana awo osayendera anthu. Koma cholemba cha dambo lathu chinali pamwamba pa zonse, kutali ndi zinzake. Amayi anapukusa mutu n'kufunsa ngati lilime likadalipo m'kamwamo, popeza amati ukadziluma lilime ndiye kuti wina akukunena.

"Lidatha kale, achemwali," anayankha amayi aang'ono. "Ndimadyera nkhama zokha."

Ine sindinaseke mokweza, koma usiku wake ndinaganiza kwambiri za anthu a kutsidya kwa nyanja amene amadziwa za dambo limene ndimachapirako. Ndinalinyadira. Sindinauze aliyense kusukulu, chifukwa ndikati ndilankhule pagulu mawu amandithera kukhosi.

Kenaka anasiya kubwera. Poyamba inali ntchito, pambuyo pake matenda. Chigawo cha dambo chimene agogo anawasiyira chinali chakumtunda, pafupi ndi kasupe, ndipo anali atapempha kuti chisalimidwe. Bambo analima dimba lathu lakumunsi monga mwa masiku onse. Chaka china analikuzako pang'ono. Chaka chotsatira anakumba ngalande kuti madzi azichoka, n'kudzala mbatata ya kachewere m'chigawo chija, akuti angobwereka. Kachewere amafuna kupopera mankhwala, ndipo mvula ikagwa mankhwalawo amatsikira m'zithaphwi. Ndinaona ndekha ambululu atayandama, mimba zili m'mwamba. Sindikuwanena bambo. Tilipo ambiri pakhomo pano, ndipo munda wakumtunda unatopa. Kachewereyo nanenso ndinadya, ndipo anali wokoma.

Chaka chatha tiachule tija tinali kumveka patalipatali. Chaka chino sindinatimve. Mlulu watsala pakangodya kamodzi kokha, pamene kasupe amatulukira, malo osakwana kuyalapo mphasa zingapo. Amayi aang'ono palibe anawauza. Ankaimba telefoni n'kutiuza mokondwa kuti atchulidwanso, ulendo uno ndi anthu a ku Brazil, ndipo amayi ankangoti zikomo kwambiri, Mulungu ndi wabwino.

N'chifukwa chake lero amayi anati tipite kudambo lina, la kutsidya kwa msewu wa ku Lifidzi, kumene achule amasokosa mpaka kugonthetsa m'khutu. Anati munthu wodwala sauzidwa zomuthyola mtima, ndipo chule ndi chule, pa telefoni angasiyanitse bwanji? Ine ndinadziwa kuti asiyanitsa. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinangoti chabwino.

Tinafika dzuwa litangolowa, kukadali kowala. Achule anali atayamba kale. Amayi anaimba, n'kundipatsa telefoni kuti ndiitambasulire kumadzi. Ndinaigwira ndi manja awiri. Patapita kanthawi ndinaibweza kukhutu, ndipo ndinamva amayi aang'ono akutchula okha motsitsa, ngati munthu wolonjera alendo. Anati wamawu aakuluyo ndi wa m'zithaphwi za m'mbali mwa msewu, amapezeka paliponse. Winayo woliza ngati mluzu ndi finye, ali pamtunda. Anamvetseranso. Kenako anafunsa kuti tili pati.

Amayi anawerama n'kuyankha kuti tili kwathu, pansi pa dimba.

"Achemwali, kwathu kulibe msewu. Ndamva njinga yamoto ikudutsa." Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. Chitatha anati, "Mpatseni mwanayo. Mwana wanga, iwe sunama. Achule anga alipo?"

Ndinayang'ana amayi. Anali atatembenukira kumadzi, nsonga ya chitenje ili pakamwa. Ndinayankha amayi aang'ono kuti chaka chino sindinawamve. Anandifunsa za mlulu, ndinawauza. Anandifunsa za ngalande, kuti yalowera kuti ndipo ndi yakuya bwanji, ndinawauzanso, ndi za mankhwala zomwe. Ankafunsa modekha ngati mmene ankafunsira kale akamalemba, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa akanakalipa. Pomaliza anati ndipite nawo kudambo kwathu, ndisadule telefoni.

Tinayenda, amayi patsogolo, ine pambuyo. Titafika ndinaima pakati pa mizere ya chimanga cha m'dimba, pamene kale madzi ankawafika amayi aang'ono m'mawondo. Ndinakweza telefoni. Kunkamveka madzi oyenda m'ngalande ndi nkhululu, basi. Anamvetsera nthawi yaitali, mpaka mkono wanga unatopa. Ndinaganiza kuti mwina agona.

Anati ndipite pakasupe. Ndinapita, ndinagwada m'matope pafupi ndi mlulu wotsalawo, n'kugwira mpweya. Ndipo ndinamva. Timiyala tiwiri, kawiri mofulumira, chapansipansi, kamodzi kokha. Ndinanong'ona pa telefoni kuti amayi aang'ono, mwamva? Anati sanamve, telefoni sinatole. Tinadikira, koma sikanabwerezenso.

"Ngati wamva iwe, kalipo," anatero. "Makutu ako ndimawadziwa."

Sindikudziwa ngati ananena zimenezi chifukwa cha kachuleko kapena chifukwa cha ine. Anapuma pang'ono, kenako analankhula ngati akudziuza okha. Anati onse amene amawatchula aja amalemba kuti kachuleka kamapezeka kumapiri a Angoniya, ndipo adzapitiriza kulemba choncho zaka zambiri, wina kutengera kwa mnzake, popeza palibe amene adzabwere kudzaona. Nambala ija izingokwera. Anati chofunika tsopano ndi kulemba kachiwiri, mwachidule, kunena kuti dambo lija lauma, ngakhale zolemba zotere satchula anthu ambiri. Koma dzanja lawo silikugwiranso cholembera. Anapempha kuti alamu awo, bambo anga, tisawauze kuti adandaula, chifukwa ana sadya mlulu. Kenako namwino analankhula chapatali, telefoni n'kuduka.

Pobwerera amayi analira mwakachetechete. Sanandikalipire. Anangondigwira paphewa pokwera chitunda, ngati kuti ndine wamkulu.

Kunyumba tinapeza bambo ali pakhonde, akukhomera khasu mumpini watsopano. Ankadziwa kumene tinapita, koma sanafunse. Pakudya anauza amayi kuti madzi ayamba kuima m'chimanga cha m'chigawo chakumtunda chija, ndipo mawa m'mawa akatalikitsa ngalande ifike pakasupe penipeni, mvula yaikulu isanabwere. Ine ndinayang'ana m'mbale.

Chibadwire sindinayambepo ndawatsutsa bambo. Akandiitana ndimagwada, ndimamva, ndimapita. Ngakhale pulova, mayeso a kusukulu, ikandiyendera bwino, ndimapatsa amayi pepala kuti akawaonetse ndiwo. Ndayesa mawu angapo mumtima ndipo onse akuoneka aakulu kuposa pakamwa panga. Sindidzanena za nambala kapena za anthu a ku Brazil, chifukwa zimenezo n'zakutali ndi chimanga chawo. Sindidzanenanso kuti amayi aang'ono adandaula. Ndidzangonena zimene ndamva ndi makutu anga.

Mawa ndidzuka iwo asanadzuke. Ndikakhala pakasupe, pamene khasu liyenera kuyambira, ndipo akafika ndikawapempha kuti kangodya ka mlulu kaja akasiye.